Mtsikana wofufuza milandu amene sankaodira

Kupulayimale ya pa esiteti yathu kunali kabati imodzi ya mabuku, ndipo mmenemo munali angapo othothoka zikuto, onena za mtsikana wachizungu wofufuza milandu. Ndinawawerenga onse pansi pa bulugamu, podikira mayi kuti aweruke kothyola tiyi. Chingerezi changa chinali cha apo ndi apo, koma mtsikanayo ndinkamudziwa ngati mnzanga wa pakomboni.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, yemwe ali kusekondale, anawapeza mabuku omwewo kusukulu kwake, ndipo anamulowa m'magazi ngati ine. Vuto linali agogo ake. Bambo anga anagwira ukapitawo mpaka kupuma, ndipo mpaka lero amatiyendetsa pakhomo ngati gulu la othyola. Ankati mabuku a nthano amadya nthawi ya masamu, moti anali atalamula kale kuti abwezedwe.

Kenako tinamva kuti nkhani ija aipanga filimu, ndipo ikuonetsedwa m'kanyumba ka vidiyo ku Khonjeni. Ndinati mwayi sudziwika. Ndinawanyengerera bambo kuti akadzionere okha kuti mtsikanayo ndi wanzeru komanso waulemu. Zaulemuzo ndinachita kulumbira.

Mwana wanga anali atawerenga pafoni kuti akatswiri a mafilimu kunjako sanasangalale nayo. Ena ankadandaula kuti mtsikanayo amugwiritsa foni pomwe m'mabuku ankayenda ndi tochi, ena ankati wakubayo akudziwika msanga. Ine ndinkafunitsitsa kumva ngati anthu akwathu angaone zomwezo.

Tinapita Loweruka masana. Pamabenchi panadzaza azimayi othyola tiyi, alonda amene sanali pantchito, ndi ana. Filimuyo inali ndi mawu a munthu womasulira m'Chichewa. Zinthu zinayenda bwino mpaka mtsikana uja atafika pakhomo la eni ake, n'kukankha chitseko, n'kulowa.

"Iii, odi wake ali kuti?" anafuula mayi wina kumbuyo kwathu.

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Posakhalitsa mtsikanayo anayamba kufunsa mafunso bambo wina waimvi, iye ali chilili, manja m'matumba, maso ali tong'o pankhope yawo.

"Mwana wa ndani ameneyu?" anatero mlonda wina. "Alibe amalume kwawoko?"

Zafoni palibe anazitchula. Zoti wakuba akudziwika msanga ndiye anazikonda zedi, chifukwa ankamulozera mtsikanayo mokuwa kuti ndi uyo. Bambo anga ankangopukusa mutu, chipewa chili pabondo. Ine ndinali wodabwa, pakuti mtsikana amene ndinkamukumbukira ankaodira, ndipo ankagwada polankhula ndi akulu.

Pobwerera, tikudutsa m'minda ya tiyi, bambo anati, "Filimuyi yamuwononga mwana uja. Iwe unati m'buku ndi waulemu?"

"Eya, bambo."

"Ndiye mawa mdzukulu wangayu andiwerengere. Akakhala yemweyu wa mufilimuyu, Mande likubwerali mabuku onse abwerere kwa aticha."

Titafika ndinatenga bukulo n'kuyamba kufunafuna. Ndinatsegula paliponse pamene mtsikanayo akufika pakhomo. Munalibe odi, munalibe kugwada, ndipo penapake analowera pazenera. A filimu sanalakwe kanthu. Ulemu wonse uja ndinkamuveka ndine, ndili mwana, osadziwa n'komwe. Zikuoneka kuti mutu wanga sunkatha kupanga mtsikana wabwino wongolowa m'nyumba ya eni ngati nkhuku. Ndinachita chidwi, koma ndinachitanso mantha, ndipo mwanayo sindinamuuze kanthu.

M'mawa mwake anakhala pakhonde ndi agogo ake. Maso a bambo anafooka, choncho iye ankayang'ana Chingerezicho n'kumawafotokozera m'Chichewa. Ine ndinkasankha nyemba chapafupi. Anafika pachitseko chija.

"Atafika pakhomopo anati, 'Odi kuno!' Atamuyankha analowa, n'kugwada, n'kunena kuti, 'Pepani agogo, ndili ndi funso.'"

Sanadodome ngakhale pang'ono. Bambo anagwedeza mutu mokhutira.

"Mwamva? Ameneyu ndiye mwana woleredwa. Mabukuwo aziwerenga, koma kuvidiyo kuja asapondekonso."

Bambo atachoka, ndinamukokera mwanayo kuseri kwa nyumba, ndikuseka chamumtima kuti ndabereka kamberembere.

"Wachenjera bwanji iwe, kuwonjezera odi uja."

Anandiyang'ana modabwa. "Ndawonjezera chiyani, amayi? Si mmene alembera?"

Anatsegula tsamba lija kuti andionetse. Chala chake chinayenda mzere ndi mzere mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba, akufunafunabe.