Ana Anga Awiri Ali mu Filiji ku Joni

Anzanga, Bryson ndinakumana naye pa siteji ya minibasi pa Chitakale, mvula ikukhuthuka. Anavula jekete n'kundifunditsa.

"Musadandaule achemwali, ife a ku esiteti mvula tinaizolowera."

Chaka chisanathe tinamanga banja, iye n'kubwera kudzakhala kwathu ku Chinakanaka chikamwini.

Zaka zinayi, mimba osaoneka. Kuchipatala anapeza kuti machubu anga ndi otsekeka. Bryson anandigwira dzanja.

"Joice, babe, tilimbana nazo limodzi."

Ndinamukhulupirira, mayo ine...

Tinapita ku Joni kukapanga IVF. Anaphatikiza mazira anga ndi mbewu yake, panatuluka miluza itatu. Umodzi anandiika m'chiberekero sabata yomweyo, umene amati wa fresh. Iwiri inayo anaiziziritsa n'kuisunga.

Wa fresh uja sunagwire. Ndinalira mpaka maso kutupa.

"Musataye mtima," anatero dokotala. "Kwa amayi ambiri yoziziritsayi imagwira chimodzimodzi ndi ya fresh. Kwa ena imachita kuposa, poti thupi limakhala litapuma ku majakisoni aja. Koma podzakuikani, musayine nonse awiri."

Titabwerera, Bryson anakaululira mlongo wake Jennifer. Basi, Chinakanaka yense anamva!

"Alamu, ndiye mutiberekera mwana wa mu filiji? Ngati karapau?" anatero Jennifer pa anthu.

Bryson anaseka nawo, anzanga. Anaseka! Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya ku Joni ankangoizemba, mawa, mawa.

Patatha miyezi isanu anabwera ndi pepala.

"Sayina apa, akataye zinthu zija. Pali mtsikana, Millie, ali ndi mimba yanga. Yachilengedwe."

"Zinthu? Ana anga ukuwatchula zinthu, iwe?"

Pepala lija ndinaling'amba iye akuona.

Anakatenga ankhoswe ake kuti ukwati uthe. Amalume anga a Pilato, ankhoswe a mbali yanga, anamvetsera mpaka onse anamaliza. IVF saidziwa n'komwe, koma anangofunsa funso limodzi.

"Joice, miluzayo ili moyo?"

"Ili moyo, amalume."

Anatembenukira kwa Bryson.

"Akamwini, kuno ana ndi a kuchikazi. Kaya ali kumsana, kaya m'mimba, kaya mu filiji, imeneyo ndi mbumba yanga. Mukufuna tikumasuleni? Sayinani pepala loti mwanayu akamuike miluza yake. Apo ayi ukwati sitithetsa, ndipo kwa makolo a Millie ndipita ndekha kukawauza kuti mkazi muli naye."

Bryson anayang'ana ankhoswe ake. Onse anazolika. Iye anasayina, osandiyang'ana ngakhale kamodzi.

Zimandipwetekabe, sindinama. Munthu amene ndinalira naye ku Joni ndi yemweyo anafuna kunditayitsa ana anga.

Mwezi wamawa ndikukwera basi ya ku Joni ndekha. Dokotala sanandilonjeze kanthu, itha kugwira, itha kukana. Koma ikakana, ikanire m'mimba mwanga muno, anzanga, osati m'bini chifukwa bambo ake atopa kudikira.