Masefa Anayi a Bambo Anga

Ndikukumbukira chaka chimene matiresi athu anafupika. Tinkakhala ku malaini a antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ndipo lamulo lake ngakhale ana tinkalidziwa: ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Bambo anga, a Muhiwa, anali makaniko wa kugaraja ya esitetiyo. Thirakitala ikatsokomola kutali, iwo ankatchula matenda ake asanaione.

Mwana wa manijala wamkulu, amene tonse tinkamutcha bwana wamng'ono ngakhale ndevu zake zinali zowerengeka, anabwera ndi galimoto yofiira imene anaisintha injini. Galimoto wamba imapumira malo amodzi, ndipo pamenepo pamakhala sefa yotchinga fumbi. Iyi inali ndi timapaipi tinayi toyasama ngati malipenga, kalikonse kopuma pakokha, popanda chotchinga chilichonse. Ikadutsa, agalu a ku malaini ankaiwala kuuwa.

Bambo atangoiona anagwira pakamwa. Unali mwezi wa Okutobala, misewu ya m'minda ya tiyi ili fumbi la katondo lokhalokha, lija limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Anauza bwana wamng'ono kuti injini ikameza fumbilo idzadyeka m'kati. Masefa oyenera timapaipi totere sanapezeke ngakhale ku Limbe, choncho bambo anauzidwa kuti aone chochita.

Chochita chakecho anachipeza m'nyumba mwathu. Anatenga sefa ya ufa ya amayi, nadula waya wake n'kupinda timadengu tinayi. Kenaka anadula siponji kumiyendo kwa matiresi amene ndinkagonapo ndi mng'ono wanga, naiviika mu oyilo, kuifinya bwinobwino, n'kukutira nayo timadengu tija. Amayi anang'ung'udza sabata yonse, ife zidendene zili pasimenti, koma tinkanyada. Galimoto itayenda masiku atatu, bambo anapisa chala m'kapaipi kamodzi, chala n'kutuluka choyera. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akuimba mluzu.

Loweruka ndinapita kukatola nkhuni m'mphepete mwa nkhalango ya bulugamu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Galimoto ija inaima chapansi panga, ili ndi alendo awiri ochokera ku Blantyre. Bwana wamng'ono anatsegula boneti, alendowo n'kuphulika kuseka, akuloza siponji yathu. Wina anati galimoto yasanduka yosalankhula. Ndinaona ndi maso angawa bwana wamng'ono akuzula masefa onse anayi n'kuwaponya m'tiyi. Injini inabangula monga kale, ndipo anathamangitsana ndi fumbi lawo lomwe tsiku lonse. Pofika Lamulungu madzulo, galimotoyo inabwera ikukokedwa ndi thirakitala, ikununkha oyilo wopserera.

Masefawo ndinali nditawatola n'kuwamanga m'chitenje. Nditawayala pamaso pa bambo, ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Koma iwo anangondifunsa funso.

"Wauzako ndani, Esinati?"

"Palibe, ababa. Koma mawa mukawaonetse abwana. Ineyo ndikanena zimene ndinaona."

"Iwe sunaone kanthu. Mwana wa abwana sitimutsutsa pamaso pa bambo ake. Ndikapepesa, atukwana pang'ono, nkhani yatha. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Umu ndi mmene zinkayendera pa esiteti. Wantchito ankavomera mlandu wosakhala wake, chipewa chili m'manja, bwana n'kukalipa, kenaka n'kukhululuka, aliyense n'kubwerera pamalo pake. Bambo anali atapulumuka motero kangapo, ndipo ankakhulupirira njirayi monga ankakhulupirira sipanala yawo.

Lolemba m'mawa ndinajomba kusukulu n'kuwatsata mobisala mpaka ku ofesi, chitenje chija chili m'khwapa. Ndinaima pansi pa zenera. Ndinamva manijala akufunsa ngati bambo anaikadi masefa monga anauzidwira. Bwana wamng'ono anali momwemo pamene bambo ankayankha.

"Mwina sindinamange bwino, bwana. Anagwa panjira. Pepani, kulakwa n'kwanga."

Chitseko chinali chotsegula, ndipo kuti ndifike patebulo panali mapazi khumi okha. Bambo anacheuka, nandiona pazenera, n'kupukusa mutu kamodzi. Ndinali mwana woleredwa bwino, wosalankhula pamene akulu akukamba, motero ndinabwerera m'mbuyo.

Ulendo uno kupepesa sikunagwire ntchito. Injiniyo inali yodula kwambiri, ndipo panafunika munthu woti ausenze mlanduwo. Amene anavomera yekha ndi pakamwa pake analipo kale. Anatipatsa masiku asanu ndi awiri kuti tituluke m'nyumba. Katundu wathu anakwera lole imene bambo anaikonza okha, n'kukatitula kwa amalume ku Khonjeni. Kumeneko munthu wodziwa injini uja anatha zaka zake akumata machubu a njinga za kabaza pansi pa mtengo wa mango. Mpaka imfa yawo ankanenabe kuti abwana anali anthu abwino, kungoti tsoka silinunkha. Mawu amenewo ankandiwawa kuposa njala imene tinaiona chaka chimenecho, ndipo akundiwawabe.

Masiku ano ndimakhala ku Blantyre, kumene anyamata a galimoto zosinthidwa amagula masefa otere m'sitolo, ali m'kapepala kowala, ndipo amene wawamanga bwino amatchedwa katswiri. Anthu amati zinthu zinasintha, wantchito tsopano ali ndi kokadandaula. Mwina n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wanga wamkazi akanamiziridwa kanthu amayankha pomwepo, kaya pali aphunzitsi kaya abusa, ndipo achibale amati ndikumulera mwamwano. Sindimuletsa. Ine ulemu ndinali nawo wochuluka, ndipo ndinaima nawo pansi pa zenera, umboni uli m'khwapa, bambo anga akuchotsedwa ntchito.