Pabedi pa mwamuna wa mwini

M'chikwama cha amayi munkakhala kabotolo ka mafuta odzola, kachivindikiro kong'aluka komanga ndi mphira. Ndikamva fungo lake lero, ndimabwerera m'nyengo yozizira ija ndili mwana wa kupulayimale, m'chipinda chotentha ngati uvuni ku nyumba yosamalira odwala ku Rockville, kutsidya kwa nyanja. Kumeneko n'kumene abambo ankakhala matenda oiwala atawakulira.

Loweruka lililonse tinkapita awiriwiri. A kutchalitchi anatiperekeza masabata oyamba, nyimbo pakamwa, nthochi m'manja, kenako chipale chofewa chinawapatsa ponamizira. Bambo aang'ono ankaimba foni kuchokera ku Fairfax n'kumati, "Limbani mtima, alamu." Sindiwasungira chakukhosi, koma lero ndimayendetsa galimoto, ndipo ku Fairfax si kutali.

Chingerezi chinali chitawathawa abambo. Chinatsala Chichewa chokha, chimene ine ndinkangochimva koma kuyankha ayi. Ndiye ndinkakhala pawindo kumatha mabisiketi a odwala, amayi akuwadzoza miyendo yotuwa mbuu. Chimene amayi ankafuna chinali chimodzi basi: abambo awayang'ane n'kuwazindikira. Ankamanga chitenje cha pachinkhoswe chawo pamwamba pa jinzi, ankatchula mayina a anthu a kumudzi. Abambo ankangoti, "Zikomo, mayi," monga ankathokozera anamwino.

Tsiku lina amayi, msana utawawa, anakhala pabedi. Abambo anadzidzimuka n'kudzikokera kukhoma.

"Pepani mayi, tsikanipo. Pabedi pa mwamuna wa mwini sakhalapo. Amake Tadala akakupezani apa, mlandu wake sindingauthe ine."

Tadala ndine. Ndinakalipa m'Chingerezi kuti amake Tadala ndi omwewa, kodi simukuona? Amayi ananditsina pantchafu, kutsina kwa m'tchalitchi kuja kopanda phokoso. Anatsika, anakokera mpando patali pang'ono, n'kukhala manja pamaondo.

"Ndalakwa, bambo," anatero. "Nanga akazi anuwo ndi otani?"

"Aukali," anayankha abambo, ndipo anamwetulira, zimene ndinali nditaziiwala. "Koma akaseka, nyumba yonse imadzuka. Ndinawachotsa pakati pa abale awo kubwera nawo kuno kozizira, sanandinenepo tsiku ndi limodzi lomwe. Mukawaona muwauze kuti ndikuwadikira."

"Ndiwauza, bambo."

Kuyambira pamenepo chitenje chija chinakhala m'sutikesi. Pabedi amayi sanakhaleponso. Ankapempha kaye asanawadzoze, akatha n'kukhala pampando paja kumafunsa za amake Tadala, abambo n'kumafotokoza mpaka tulo. Nthawi zina nkhani inali yomweyomweyo, ya nsapato zimene amake Tadala anataya m'matope tsiku loyamba kukumana. Amayi ankaseka pang'onopang'ono, dzanja pakamwa.

Ine ndinkapsa mtima. Munthu amene ankandikwapula ndikanama anali kunamiza wodwala ine ndikuona. Potuluka sindinkawalankhula. Iwo ankaliza galimoto koma osanyamuka, magalasi akuchita nkhungu, ine ndikumenyetsa nsapato pampando kuti tizipita. Kunyumba ankadya ataimirira, wailesi ikulankhula yokha.

Ndinkaganiza kuti amayi agonja, kuti atopa ndi kudikira kuzindikiridwa. Sindinkadziwa kuti m'dziko lonse lija, munthu yekhayo amene ankawasowa amayi anali m'chipinda chija, ndipo kuti amayi amve zimenezo ankayenera kulowamo ngati mlendo.