Msoko Womaliza wa Mayi Sitan

Mayi Sitan Jara anasoka zipanda pamsika wa ku Segu kwa zaka makumi anayi, pansi pa mtengo umodzimodzi. Chipanda chikang'aluka, ankaboola timabowo uku ndi uku ndi chisongole chotentha, n'kuyala kaudzu pamng'alupo, n'kulukapo ulusi wa mlaza. Akachiviika m'madzi ulusi uja unkafufuma, basi chipanda chabwerera kuntchito. Kutaya chinthu chotheka kusoka iwo ankakuyesa tchimo. Chipanda chikakalambiratu ankachisandutsa chodyera nkhuku, ndipo nkhuku zikathana nacho chinkapita kumunda kukaola.

Kenako kunabwera mabeseni apulasitiki, ofiira ndi obiriwira, ndipo wogulitsa wake, Siaka Traore, anayala malonda ake moyang'anana ndi mayi Sitan. Kumeneko a mfunda wa Jara ndi a mfunda wa Traore sakumana osatukwanizana, n'chisuweni cha makolo chimenecho. Awiriwa anachigwira ngati ntchito yolembedwa.

"Wadzuka, kapolo wanga?" ankayamba Siaka. "Ukusokabe zigaza za agogo akozo?"

"Wodya nyemba iwe, ima kutali, mphepo ikuchokera komweko," ankayankha mayi Sitan. "Chipanda changa chikafa chimabwerera kudothi. Nanga ana akowa? Akang'aluka amakagona mumtsinje wa Joliba mpaka tsiku lachiweruzo."

"Koma amagulidwa, mayi!"

Apo ankanena zoona, ndiye chowawa chake. Chaka ndi chaka obweretsa zipanda ankachepa, mpaka panatsala nkhalamba zokhazokha ndi amayi ogulitsa mkaka. Maso a mayi Sitan nawo anayamba ng'ala. Poyamba ankanamizira fumbi, kenako utsi. Pamapeto pake ankangoona anthu ngati zithunzithunzi, koma pamsika sanasiye kupita, poti munthu amene manja ake adyetsa ana asanu savomera msanga kuti atha ntchito.

Kunyumba kunali chipanda chimodzi chachikulu chomwe anasiyiridwa ndi apongozi awo. Mwana aliyense wa pabanjapo ankametedwa ndi kusambitsidwa m'menemo tsiku lachisanu ndi chiwiri, lomupatsa dzina. Chinali ndi misoko isanu ndi itatu, ndipo mayi Sitan ankadziwa nkhani ya msoko uliwonse. Wina unali wa chaka cha dzombe. Wina anausoka akulira, atangoika mwana wawo wachiwiri.

Mwana wawo Drisa anakhala ndi mkazi wake Korotumu zaka zisanu ndi chimodzi opanda mphatso. Mulungu atawakumbukira ndi mwana wamkazi, mayi Sitan anatsitsa chipanda chija patsindwi, ndipo chala chawo chinapeza mng'alu watsopano, woyambira kukamwa mpaka pansi.

"Amayi, musavutitse maso," anatero Korotumu ali chigonere pamphasa. "Bambo ake akagula beseni latsopano."

"Mdzukulu wanga asambe m'chinthu chosadziwa dzina la munthu aliyense wa pakhomo pano? Muyambe mwandiika kaye."

Anasoka masiku anayi, padzuwa, nkhope ili pafupi ndi chipanda ngati akuchinunkhiza. Ntchito imene kale inkatha tiyi asanazizire! Chisongole chinawatentha zala kawiri. Maso atakana, anangopapasa mng'alu ndi chikhadabo n'kumaboola potsatira. Atamaliza anachiviika, anathiramo madzi n'kuchikhazika pamchenga wouma, monga ankachitira masiku onse. Patapita kanthawi anaitana mpongozi wawo.

"Tandionera pansipo, mwanawe."

"Pouma, amayi. Pouma gwa."

Yankholo linabwera mofulumira kwambiri. Mayi Sitan akanatha kungotambasula dzanja n'kugwira mchengawo okha. Sanagwire. Anachita mantha, ndipo ine sindiwadzudzula.

Tsiku la dzina linafika. M'mawa anthu anadzaza pabwalo, nkhosa inaphedwa, mtedza wa kola, wotafuna pamiyambo yotere, unagawidwa. Shehe ananong'oneza dzina m'khutu mwa khanda, kenako linalengezedwa: Sitan. Amayi anaimba nthungululu, ndipo agogo, eni dzinalo, anasekerera mpaka usinini kuonekera. Anawakhazika pamphasa pafupi ndi pomwe ankametera mwana. Anapapasa chipanda chawo, anapeza kuti achikhazika pamwamba pang'ono, achizunguliza nsalu yatsopano. Anati mumtima, ana awa aulemu.

Madzi atathiridwa, amayi aja atachepetsa phokoso kuti mwana asadzidzimuke ndi lumo, mayi Sitan anamva.

Tho.

Tho.

Madzi akadontha pamchenga samveka. Akadontha mumphika wadothi amalira mogonthera. Kulira kwa gwaa uku, kopanda kanthu m'kati, anakumva zaka zonsezi kutsidya kwa njira, mvula ikamagwera pamalonda a Siaka. Pansi pa nsalu ija panali beseni.

Anamva Korotumu akuyambitsa nyimbo mwadzidzidzi, mokweza kuposa mmene nyimboyo imafunira, ndipo amayi onse anailandira msangamsanga. Ndiye kuti bwalo lonse linkadziwa. Anthu onsewa anagwirizana kunamiza nkhalamba yakhungu chifukwa choikonda, ndipo chikondi chimenecho chinawalasa mtima kuposa chipongwe chilichonse chimene anamvapo pamsika.

Mwambo utatha, abambo anabwera kudzalonjera. Mayi Sitan anamva masilipasi a Siaka akukwekwereza, naimirira patsogolo pawo. Mayi Sitan anadzikonza, anadikira mwano wa masiku onse ngati munthu waludzu.

"Mayi Jara," anatero Siaka motsitsa mawu, "manja anu ndi odala. Msoko umenewu ndi wa katswiri."

Traore kuyamikira Jara! Chibadwire sanamvepo. Pamenepo anadziwa mwini beseni, anadziwanso kuti pansi pa mtengo uja sadzakhalaponso.

"Siaka."

"Wawa, mayi."

"Wawa wa chiyani? Tanditukwana, m'bale wanga. Unene kuti ndine kapolo wako. Unene kuti chipanda changa chikudontha ngati denga la amako. Ndapota nawe."

Siaka anangonjuta pambali pawo, bambo wamkulu wa imvi, n'kumamina ndi mpango wake. Nyimbo inali itatha. Pansi pa nsalu yatsopano ija madzi ankadonthabe.