Amene munagubuduza ndodo ya mwana wanga patebulo, bwezani

Andilanda ndodo pabwalo la ndege. Ndodo yosewerera pulu, yosema ndekha, ya mwana wanga. Lero akuti anaiwononga. Ine ndikuti bodza. Ilipo, ndipo pali munthu amene akusewera nayo.

Dzina la bwalolo sinditchula. Eni ake akawerenga adzidziwa okha. Ine ndine mlimi wa kuno ku Zingalume, m'boma la Chadiza. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya akuluakulu, choncho mundipirire. Koma kuwerenga nkhope ya munthu ndinayamba ndili mnyamata.

Mwana wanga Yelemiya amakhala ku Joni. Anachoka pakhomo pano ndevu zisanamere, ndipo sanapondeponso. Kumeneko amawotcherera zitsulo, koma Loweruka amasewera pulu m'mipikisano, ndipo akuti anzake amamuopa. Tikiti anandigulira ndi mkazi wake, mpongozi wanga. Pafoni anati, "Atate, bwerani mudzaone adzukulu anu. Zinazo mudzakambirana nokha amuna awiri."

Kwathu kuno munthu sapita kukakamba zinazo chimanjamanja. Ena amanyamula nkhuku. Ine ndinasema ndodo. Chifukwa chake ndi cha ine ndi mwana wanga, si cholemba pafoni pano kuti aliyense awerenge.

Mtengo wake sunali wa kutchire. Ndinatenga chitseko cha mlombwa cha gowelo limene Yelemiya ankagonamo. Gowelolo linagwa kalekale, koma chitseko ndinachisunga pansi pa nkhokwe. Pathabwa limodzi panali chilembo cha Y chopendama, chimene anacheka yekha ndi mpeni atangoyamba sukulu. Ndinasema mosamala kuti chilembocho chitsale kumunsi, pogwira dzanja. Kunsonga ndinamata kachikopa ka chishalo cha njinga. Ndinayamba titangokolola mtedza, ndinamaliza mitambo ya mvula itayamba kusonkhana.

Pulu sindisewera. Amene ankandiongola ndi a Mbewe, eni tebulo la pulu pamagolosale athu. Anandionetsa mmene osewera amayesera ndodo: amaigoneka patebulo, kuigubuduza ndi chikhatho, maso ali kunsonga. Ikamagwedeza mutu ndiye kuti ndi yokhota. Yanga inagwedeza kambirimbiri, ine n'kumabwerera kunyumba kukaipala ndi phale la botolo. Tsiku limene inagubuduka osagwedeza, a Mbewe anati, "Akulu, iyi musaionetse kwa osewera, akuberani." Ndinaseka. Sungani mawu amenewo, muwafuna kutsogoloku.

Pochoka, amake Yelemiya anaikulunga m'chitenje chawo n'kumanga ndi mphira ya njinga. Anati, "Iyi yokha ikafike yamphumphu."

Aliyense amene anakwerapo basi ya kwathu akudziwa kuti chinthu chimene umachikonda suchipereka kwa kondakitala. Kubuti kumapita matumba a chimanga, malata, mabatire, pamwamba n'kuponyapo njinga. Chako chenicheni umachifungatira. Ulendo wonse wa pabasi ndodo inali pakati pa miyendo yanga. Ndinkaganiza kuti ndege nayo ndi chimodzimodzi.

Pabwalo ndinafika 7 koloko m'mawa. Ndege inali ya 10 koloko. Musanene kuti ndinachedwa.

Pakauntala yoyezera katundu panali mayi wachitsikana. Ndinaika chikwama changa pasikelo. Anafunsa, "Katundu ndi yemweyu, atate? Nanga icho?"

Ndinati, "Ndi ndodo."

Anati, "Aa, ndodo yanu musasiye. Agogo ngati inu saletsedwa."

Basi. Sanafunse kuti ndodo yanji. Anaona imvi, n'kumaliza yekha nkhani. Ine ndikanadziwa bwanji kuti kundege ndodo zili ndi mitundu, ina yololedwa, ina yoletsedwa? Ntchito yofunsa ndi ya ndani, ya mlimi wa mtedza kapena ya amene amalandira malipiro pampandopo?

Kenako ndinakhala pabenchi kudikira kuti wina akuwe kuti a ku Joni kwerani. Palibe anakuwa. Ogwira ntchito ankangondidutsa. Cha m'ma 9 koloko mpamene bambo wina wapaulendo anaona tikiti yanga n'kunena kuti, "Akulu, mukudikira chiyani pano? Lowani uko akakusecheni."

Kosechako anandivula lamba, nsapato, chipewa. Ndinaima pamaso pa azimayi dzanja limodzi litagwira thalauza. Ndodo inalowa m'makina awo aja oona za m'kati. Itatuluka, mnyamata wina wa yunifolomu, wamtali, wa kamzere kometa pansidze, anaitenga.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Ndodo ya pulu."

Anamasula mphira, n'kuvundukula chitenje. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Nkhope yake inasintha. Sinali nkhope ya mlonda amene wapeza choopsa. Inali nkhope ya munthu amene waona ng'ombe yabwino pamsika ndipo sakufuna mwini wake adziwe.

Anaigoneka patebulo lachitsulo. Anaigubuduza ndi chikhatho. Maso kunsonga.

Sinagwedeze.

Anaikweza n'kuiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumunsi. Anakanda kachikopa ndi chikhadabo. Kenako anaika dzanja lamanzere patebulo, zala zitatambasuka, n'kuitsetsereka kawiri pakati pa zalazo. Anaitana mnzake, "Iwe, tabwera umve kulemera kwake. Mlombwa weniweni uwu."

Ndifunse inu amene mumadziwa za chitetezo: kuti muone ngati chinthu chingavulaze anthu m'ndege, mumachigubuduza? Chibonga chokhota sichipweteka? Kusukulu kwanu amaphunzitsa kukanda kachikopa?

Atamaliza kusirira anati, "Iyi sikwera. Ndi chida."

Patsogolo panga panali patangodutsa mkulu wina wa suti, ali ndi ndodo ya mutu wachitsulo. Imene ija galu ingamuphe kamodzi. Ndinaloza. Mnyamatayo anati, "Yawo ija ndi yoyendera. Inu mwanena nokha kuti yanu ndi ya pulu."

Mayi wina amene anali kumbuyo kwanga pamzere anandinong'oneza, "Agogo, mukanangotsimphina pang'ono, bwenzi mutadutsa." Mwamva? Wonena zoona alandidwe, wotsimphina mwabodza adutse. Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndipo pa maulendo onse, uwu sunali woti ndiuyambe ndi bodza.

Ndinati andionetse lamulo. Analoza chikwangwani chokhala ndi zithunzi za mipeni, malumo, mfuti ndi zibonga za masewera. Chabwino. Lamulolo lilipo, ngakhale mwana wanga anadzandiuza kuti ndodo ya pulu imayenda pansi pa ndege pamodzi ndi zikwama. Ndi lamulo sindikukangana nalo. Ndinati, "Ndiye ndibwerere kukauntala, aiike pamodzi ndi chikwama changa."

Anati, "Kwatsekedwa."

Sanacheuke. Wailesi yake inali pachifuwa, sanaigwire. Ine kudzera pagalasi ndinkamuona mayi uja akadali pampando wake. Ndinati, "Si uyo ali apoyo?" Anati, "Madala, mukuchedwetsa mzere."

Ndinapempha kuona wamkulu wake. Akuti ali kumsonkhano. Ndinafunsa ngati pali posungitsa. Apa mawu ake anafewa ngati a munthu wofunsira mbeta. "Isiyeni ndi ine. Ndikusungirani ndekha. Mudzaitenga pobwera."

Ndinati, "Ndipatseni kapepala."

Anati, "Mawu anga sakukwanirani?"

Nthawi yomweyo chimkuzamawu chinatchula dzina langa, molakwitsa, koma ndinalimva. Ndege ikudikira ine ndekha. Ndinaganiza za Yelemiya ataima kubwalo la kwawoko, anthu onse akutuluka, atate ake osaoneka. Akanati chiyani? Akanati munthu uja sanasinthe. Ndinasiya ndodo.

Koma ndinacheuka. Pambali pa tebulo panali chimgolo choponyamo zolandidwa, mabotolo a madzi ndi malumo. Ndodo yanga sanaiponye m'menemo. Anaikulunganso m'chitenje cha amake Yelemiya, bwinobwino, n'kuiimika kuseri kwa chitseko cha kaofesi kawo. Chida choopsa amachifunditsa?

Ku Joni Yelemiya anandilandira ndi dzanja limodzi, lina litagwira makiyi a galimoto. "Mwayenda bwanji, atate." Ulemu wonse unalipo, wonga wopatsa mlendo. Ndinaona adzukulu. Ndinapereka mtedza. Tsiku ndi tsiku mpongozi ankatisiya awiri pabalaza, ife n'kumaonera mpira pa TV. Mawu amene ndinanyamula anali oti atuluke ndodo ili m'manja awiri, ndikuipereka. Popanda iyo sindinadziwe poyambira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere ndinamuuza. Ndinati ndinakusemera ndodo ya pulu, andilanda pabwalo la ndege.

Anaseka. Si kuseka kwabwino ayi. "Inu, atate? Ndodo ya pulu? Ndi manja omwewo?"

Ndinati inde.

"Ndiye ili kuti?"

Mukuona chimene mnyamata wa yunifolomu uja anandichita? Anandisandutsa wabodza pamaso pa mwana wanga. Nkhalamba yobwera chimanjamanja ndi nthano ya mphatso imene palibe anaiona.

Ndinamuuza za chitseko, ndi za Y wopendama uja. Anasiya kuseka. Kenako anati, "Chitseko chija munachisunga?" Ndinati ndinachisunga. Anaimirira, n'kupita pazenera. Atandifulatira choncho anati, "Ikapezeka musaitumize. Ndidzabwera kudzaitenga ndekha."

Kudzaitenga yekha. Ku Zingalume. Pakhomo pamene amake akhala akusesa kumudikira.

Ndiye pobwera ndinatsika ndege n'kulunjika kwa achitetezo, chikwama chili pamutu. Woyamba anati munthu wa kamzere pansidze sakumudziwa. Wachiwiri anati ali patchuthi. Wachitatu anati analowa usiku, watuluka kumene. Munthu mmodzi, sakudziwika, ali patchuthi, watulukanso kumene. Ameneyu ndi munthu kapena mzimu?

Ndinakhala pakhomo pa ofesi mpaka wamkulu wawo anatuluka. Sanandipatse mpando. Anati, "Madala, zinthu zolandidwa timaziwononga."

Ndinati, "Mumawononga liti? Ndani anaona? Munaiwotcha kapena munaidula? Ndipatseni zidutswa, ngakhale chakumunsi chokha."

Pofuna kundichotsa ananditengera kukachipinda kosungira zolandidwa kuti ndidzionere ndekha. Munali makatoni a malumo, timipeni, zowengera zikhadabo, zina zochita dzimbiri, fumbi lili mbuu. Ndinati, "Bwana, malumo a dzimbiri awa akudikirabe tsiku lawo, koma ndodo ya masabata awiri mwathamangira kuiwononga? Inakulakwirani chiyani?"

Ndinati, "Nanga chitenje cha akazi anga? Nachonso ndi chida?"

Apa anaseka, n'kuuza anzake kuti madalawa ndi ovuta. Kenako anati, "Ndodo za pulu zadzaza m'mashopu m'tauni muno. Kaguleni ina, mwana wanuyo sadzadziwa."

Sadzadziwa! Bwana, mwana wanga adzayang'ana kumunsi asanayang'ane nkhope yanga.

Tsopano mundiyankhe, inu eni bwalo. Makamera amene mwapachika pangodya iliyonse aja amaona apaulendo okha, yunifolomu saiona? Tsegulani za tsiku limenelo, cha m'ma 9 koloko m'mawa, muone munthu wanu akugubuduza ndodo patebulo. N'chifukwa chiyani mayi wa pakauntala sanafunse? N'chifukwa chiyani ananena kuti kwatsekedwa osafunsa pawailesi? N'chifukwa chiyani mumalanda katundu wa munthu popanda kapepala? Kapena kapepalako kangasokoneze malonda?

Anzanga a ku Zemba, ku Pembamoyo ndi kwina konse, amene ana anu adzakukwezeni ndege: nzeru za pabasi kumeneko zimaluza. Chinthu chachitali chilichonse, mpini, mthiko, ndodo, chitchuleni dzina lonse pakauntala, chipite ndi zikwama. Musadikire kuti wina akuitanani. Ndipo wa yunifolomu akayamba kuyamikira katundu wanu, gwirani zolimba.

Inu anyamata osewera pulu m'mabala a pafupi ndi bwalo la ndege, ndikupemphani maso. Ndodo yake ndi yofiirira, ya thabwa limodzi, yosalumikiza pakati. Kunsonga kuli kachikopa kakuda. Kumunsi, pogwira dzanja, pali Y wopendama wocheka ndi mpeni. Mukaiona musamenyane ndi munthu. Ingolembani pansi apa dzina la bala. Ndidzabwera pabasi.

Dzulo ndili kumunda foni inalira. Anali Yelemiya, iye mwini, osati mkazi wake. Chichokereni pakhomo pano sanayambe wandiimbirapo. Funso linali limodzi: "Atate, yapezeka?" Ndinati ayi. Anati, "Ndidzaimbanso."

Iwe mnyamata wa kamzere pansidze, ndikudziwa kuti ndodoyo ikukomera m'manja. Ndinaipala ndekha kuti izikoma. Sindikufuna ntchito yako, sindikufuna kukuona kupolisi. Ikulunge m'chitenje chomwecho, uisiye pakauntala, unene kuti yapezeka kuseri kwa chitseko. Ina sindingaseme. Chitseko chinali chimodzi.