Ovololo ya a Daka

Ndikukumbukira Loweruka la ku Kabwata, m'zaka zija chipani chinali chimodzi ndipo sopo tinkagula titafola pamzere. Ndikulemba izi patapita miyezi isanu ndi itatu chimwalirireni mkazi wanga Esinati. Anthu anena zambiri za chimene chinamupha, ena pamaliro pomwepo, ena kuseri, ndipo ine ndakhala chete mokwanira. Chimene chinamupha ndinachiona ndi maso anga ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chinali choyera, ndipo ana tonse tinkachikonda.

Nyumba yathu ndi ya akwawo Esinati zinali zoyandikana, zonse za khonsolo, zipinda ziwiri ndi kakhonde, mpopi umodzi wa mzere wonse. Atate anga, a Tembo, anali kalaliki mu ofesi ya boma m'tauni, komanso mkulu wa mpingo. Atate ake a Esinati, a Daka, ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, kumene ankapanga malata a asibesitosi, aja otuwa, olemera, amene afolera nyumba zambiri mu Lusaka. Ntchito yawo inali yodula malatawo ndi macheka, ndipo ankainyadira. Tsiku lina atandikweza pa njinga yawo analoza uku ndi uku n'kunena kuti, "Iwe Gabu, waliona denga ilo? N'langa. Ilo uko nalonso n'langa. Atate ako alemba makalata, ife tifolera dziko."

Madzulo ankafika ali mbuu, nsidze ndi ndevu zayera ngati za nkhalamba ya zaka zana. Ovololo yawo, imene inali yabuluu poigula, inkafika Lachisanu itauma gwa ndi fumbi, moti ukanaiimika pakona ikanaima yokha.

Kwathu chovala chantchito cha bambo sichinkagwiridwa ndi aliyense. Ankachapa ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo akatanganidwa, mwana wamkazi woyamba. Amayi ake a Esinati ankakhalira kugulitsa tomato ndi kapenta pamsika Loweruka lonse, choncho ntchito inagwera Esinati ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Alongo ake awiri, anyamata akuluakulu, ankadzuka n'kupita ku mpira. Panalinso lamulo lina, lobwera ndi kusowa kwa sopo. Mtanda umodzi umene mayi waupeza atapsa ndi dzuwa pamzere unkayenera kukwana mwezi, ndiye chovala sunkachiviika m'madzi usanachikunthe mpaka fumbi lonse litatha. Mtsikana wowononga sopo pa fumbi ankatchedwa waulesi.

Esinati sanali waulesi. Ankapachika ovololo pa waya, n'kukwera pa njerwa ziwiri kuti afikire, chidutswa cha paipi ya rabala chili m'manja. Akamenya koyamba, mtambo unkabuka. Silinali ngati fumbi lofiira la mumsewu limene limagwa msanga n'kukuyetsemulitsa. Ili linkayandama m'mwamba nthawi yaitali, likunyezimira pa dzuwa la m'mawa, lopanda fungo. Atsikana ena a pamzere wathu nawo ankakuntha zovala za atate awo, koma mwana wa bambo wa kunjanji ankangotulutsa fungo la mafuta, wa ku mabasi chimodzimodzi. Mtambo weniweni unali wa Esinati, ndipo ife tinkathamanga n'kudutsa pakati pake manja tatambasula, tikulira ngati ndege. Amayi otunga madzi pampopi sankatiletsa. Ankati fumbi loyera silidetsa.

Pomaliza, tsitsi la Esinati linkakhala litayera lonse, ndipo tinkamuseka kuti ambuya. Iye ankawerama, n'kugwira msana, n'kuyenda ndi paipi ija ngati ndodo, akutitukwana ndi mawu onjenjemera. Imvi zimenezo ndi zokhazo zimene ndinamuona nazo.

Malipiro ake anali mkaka. Kufakitale ankapatsa wantchito aliyense kapaketi ka mkaka tsiku ndi tsiku, ati kotsukira fumbi pakhosi. A Daka ankamwa ka masiku onse, koma ka Lachisanu ankabwera nako kunyumba n'kukaika mu mtsuko wa madzi kuti kazizire. Esinati akayanika ovololo ankakhala pakhonde, n'kuluma kakona ka paketi, n'kumamwa pang'onopang'ono kuti tonse tione. Ine ankandisiyirako kotsiriza, kofunda kale, kokoma kuposa mkaka uliwonse umene ndamwapo chikhalire.

Loweruka lina ndinamupeza ataima pa njerwa zake, chala chamanthu chakumanja chitakulungidwa kansanza. Anali atadzicheka ndi chitini dzulo lake. Ankayesa kumenya ndi dzanja lamanzere, koma paipi inkangosisita ovololo, mtambo osatuluka.

"Leta nikuthandize," ndinatero m'Chinyanja chathu cha m'tauni, ndikupempha paipi.

"Iwe? Manja ya pensulo aya?"

"Leta chabe uone."

"Ukalephela, mkaka sulawa."

Ndinakwera pa njerwa zija n'kumenya ndi mphamvu zanga zonse. Mtambo unatuluka waukulu, n'kundikuta ndekha chifukwa sindinadziwe kuima kumbali ya mphepo. Esinati anaseka mpaka anakhala pansi. Ndinapitiriza, manja, miyendo, kumsana, matumba, ndikudzimva ngati mwamuna weniweni. Sindinaone kuti anzanga asiya kulira ngati ndege. Nditacheuka, atate anali ataima pa kanjira ndi akulu a mpingo awiri, akuchokera ku msonkhano, onse atavala majekete. Mwana wa kalaliki anali pa njerwa, woyera ngati chinangwa chosenda, akukuntha ovololo ya mwamuna wa nyumba ina.

Atate analowa ndi alendo awo m'nyumba. Anawapatsa tiyi, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera anathyola kanthambi ka mabulosi. Anandilowetsa m'chipinda n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Kodi ndikukuphunzitsa kuti uzidzachapa zovala za amuna anzanga?" Pamene kanthambi kanatera pa kabudula wanga, nako kanatulutsa kamtambo, ndipo ndikhulupirira kuti zimenezi zinawonjezera mkwiyo.

Tili mkati mwa nkhaniyo, chitseko chinagogodedwa. Anali Esinati, tsitsi lili mbuu, chala chili m'mwamba ngati mboni.

"Ba Tembo, ndine ninamupatsa paipi. Mumenye ine."

Atate anamuyang'ana kwa nthawi. Ndikuganiza kuti pang'ono akanaseka. Anamuuza mofatsa kuti apite kwawo, ovololo ya atate ake ndi ntchito yake, ndipo mnyamatayu sadzapondanso pafupi ndi waya uja Loweruka. Lamulolo ndinalisunga. Kuyambira pamenepo ndinkakhala pawindo ndi buku la masamu, galasi lili lotseka, ndikumuonera patali. Iye ankadziwa kuti ndikumuona. Anatembenuza njerwa zake kuti aziyang'ana nyumba yathu, ndipo ankamenya mwamphamvu kuposa kale, ngati kuti ovololo ija ndi atate anga. Anachita zimenezi Loweruka lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka anapita ku sekondale yogonera konko.

Zotsatira zake ndi za anthu ambiri. Tinaphunzira, ine ndinapita ku koleji, iye anakhala mphunzitsi. Tinakwatirana, tinapeza nyumba ku Chelstone, tinabereka mwana mmodzi, Tisa. Esinati sanapondepo pakhomo la fakitale iliyonse moyo wake wonse.

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu anayamba kupuma movutikira akakwera masitepe a kusukulu. Kenaka kunabwera kupweteka m'nthiti, kenaka madzi m'chifuwa, amene ankati akawapopa n'kubwereranso. Anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi yambiri osasintha. Anaonda, ndipo m'zaka zino munthu wachinyamata akaonda aliyense amakhala dokotala. Tinayezetsa magazi kawiri, tonse awiri, osapezeka ndi kanthu. Pomaliza anadula kanyama kakang'ono m'chifuwa n'kukapima, ndipo dokotala wina wachikulire anatikhazika pansi n'kutchula dzina limene ndinali ndisanalimvepo: mesotheliyoma. Anati ndi khansa ya kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mapapo. Anati ndi matenda osowa, moti madokotala ambiri amakalamba atangowaona kangapo, ngakhale iye ankakayikira kuti ena amaikidwa m'manda atalembedwa kuti chinali chifuwa chachikulu. Anatinso pafupifupi nthawi zonse amayamba ndi fumbi la asibesitosi, limene timinga take timakhala m'chifuwa mwakachetechete zaka makumi awiri, atatu, anayi. Ambiri amene analipuma sadwala. Ena amadwala. Ndiye anafunsa ngati mayiyu anagwirapo ntchito ku mgodi, kapena kufakitale, kapena kwa omanga nyumba. Ine ndinkangoyankha kuti ayi, ayi, ayi.

Esinati ndiye anayankha. Anati, "Ovololo."

Tikutuluka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Atate asamve." Ndinalonjeza.

Lonjezolo linandidya. Pamaliro, azakhali ake ananena mokweza mokwanira kuti ndimve, kuti amuna a makoleji amabweretsa zambiri m'nyumba. Ena ankati anamulodza aphunzitsi anzake. Ndinangoyang'ana pansi. A Daka, amene anapuma ntchito kalekale ndipo ali moyo ndi kachifuwa kawo ka m'mawa, anakhala pambali panga masiku onse atatu osandifunsa kanthu. Ndinati ndisenza dzina loipa mpaka kufa, bola mkulu uyu azigona tulo.

Mwezi watha ndinapita ku Kabwata kukatenga Tisa, amene anakachezera agogo ake pa tchuthi. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndisanalowe pampanda ndinamva macheka. Kuseri kwa nyumba a Daka anali atagwada, akudula lata lakale limene anasunga kuyambira masiku a ntchito, ati amangire mdzukulu kakhola ka nkhunda. Tisa anali atagwira mbali ina ya latalo, ndipo agogo akaima kuti apume, iye ankawerama n'kuuzira fumbi kuti mzere wa pensulo uoneke. Nsidze zake zinali zitayamba kuyera.

Sindinakuwe. Ndinamunyamula n'kukamuimika pa mpopi, ndinamuvula diresi n'kuliviika m'chidebe, ndinamutsanulira madzi kumutu mpaka analira. Kenaka ndinatunga ndowa ina n'kukathira pa lata ndi pa dothi lonse lozungulira. Ndinatenga macheka m'manja mwa apongozi anga, chinthu chimene mkamwini sachita.

"A Tembo, kwagwanji?" anandifunsa. Chikwatirireni mwana wawo anasiya kunditcha Gabu.

"Atate, khalani pansi. Pali mawu amene Esinati anandiletsa kukuuzani. Ndiphwanya lonjezo."

Ndinawauza zonse monga mmene dokotala anatiuzira, osakometsa. Anamvetsera manja ali pa mawondo. Nditamaliza anayang'ana waya uja, umene ukadali pomwepo.

"Ndiye kuti ndine," anatero.

"Si inu."

"Ovololo inali yanga."

"Inu munkabweretsa mkaka. Munapatsa mwana chimene anakuuzani kuti ndi mankhwala, inu n'kukhala osamwa. Sindidziwa zonse zimene eni fakitale ankadziwa. Koma munthu sagulira antchito ake chotsukira pakhosi ngati akukhulupirira kuti palibe chofunika kutsuka."

Sanalire pamaso panga, ndipo ine sindinalire pamaso pawo. Anangofunsa kuti, "Dzina la matendawa munati chiyani?" Ndinawalembera pa kapepala, iwo n'kumalibwereza mpaka lilime linazolowera. Lamlungu lotsatira, ndamva, anapita okha kwa mlongo wawo, azakhali aja, n'kuwawerengera kapepalako pamaso pa ana awo. Akuti tsopano akuyenda pa njinga kufunafuna anzawo akale a kufakitale, amene atsala, n'kumawafunsa za ana awo aakazi.

Zinthu zasintha. Sopo ali m'kantemba kalikonse kogulitsira zinthu pamsewu, zipani zachuluka, ndipo munthu ukhoza kufunsa funso osayamba wacheuka. Koma madenga a a Daka akadali pamwamba pathu, kuyambira Kabwata mpaka Kaunda Square, ndipo akukalamba. Dokotala uja anati lata losasweka lisiyeni likhale. Choopsa ndi kulidula, kuliboola, kuliswa, kusesa fumbi lake louma. Ndimaima pamsewu ndikaona mmisiri ali ndi macheka padenga lotuwa, n'kumuuza. Ena amamva, ena amati wamasiye uja mutu sukuyenda bwino. Ndidzaimabe.

Mbale wanga wina, atamva nkhani yonseyi, anati ndiyenera kuthokoza kanthambi ka mabulosi kaja, chifukwa kanandiika kuseri kwa galasi. Sindikathokoza. Kanandichotsa ine pa njerwa n'kusiyapo mtsikana wa chala chotupa, ndipo onse anati zili bwino chifukwa ntchitoyo inali yake.

Diresi la Tisa lija ndinalichapa ndekha, lili lonyowa, osalikuntha. Chiyambire tsiku limenelo zovala za m'nyumba muno ndimachapa ndine, Loweruka m'mawa, panja poonekera. Amayi a pamzere wathu ku Chelstone amadutsa n'kunena kuti a Tembo, pezani mtsikana, nanga mwana wamkazi muli nayeyu ntchito yake n'chiyani? Ndimawayankha kuti ntchito yake ndi kudzamera imvi zenizeni. Tisa amakhala pakhonde ndi kapu ya mkaka, akundiuza pamene ndasiya thovu.