Mabuku a Pemphero ndi Kabati ya Alamu

Ndinatuluka m'nyumba ku Area 25 Loweruka m'mawa dzuwa lisanayambe kuwawa, mabuku awiri ali m'chikwama, lachitatu ndikukagula m'tauni. Ulendo unali wa ku Chinsapo kwa achemwali anga, kukatsanzikana ndi mwana wawo Pemphero. Mtsikanayu anali atasankhidwa kukayamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera ya kwathu ku Ntcheu, ndipo Lolemba lake ankanyamuka kukakhala ndi agogo ake. Kumudziko ndimakudziwa, ndinakulira komweko. Buku lomwe ungalipeze m'nyumba ya amayi ndi la nyimbo za kutchalitchi, nalonso chikuto chinathothoka kalekale. Ndiye ndinalumbira kuti zivute zitani, mwana ameneyu akwere basi ali ndi choti azikawerenga.

Ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 5, ndipo ndili ndi nthenda yanga: buku la mwana sindipereka ndisanaliwerenge ndekha. Amuna anga amandiseka, amati mayi wamkulu wa imvi zake kumagigitika yekha pakhonde ndi buku la zithunzi. Asekeni, ine ndiye ndimadziwa chimene ndikupatsa ana a eni.

Pa Nsungwi ndinapeza minibasi itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anati K2,000 mpaka m'tauni, ndipo nditadandaula kuti mtengo wakweranso, anandiyankha kuti ndikadandaulire amene amagulitsa mafuta. Anatipanikiza anayi pampando wa anthu atatu, tinanyamuka.

Tisanalowe mumsewu wa M1 anakwera mayi wina wa ku Mgona, beseni la tomato m'manja, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi kali pambuyo. Beseni analiika pamiyendo pake, mwana anamukhazika pamiyendo panga osapempha n'komwe, monga timachitira. Kamwanako kanaona ngodya ya buku itasuzumira m'chikwama, kanayamba kuikanda ndi chala.

“Siya za eni iwe!” anatero mayi ake. Kenako anandiyang'ana. “Ndi la mayeso limenelo, amayi?”

“Ayi, ndi la nkhani chabe.”

“Aa, ndiye la ntchito yanji?”

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri kwa makolo a kusukulu kwathu, koma limandipwetekabe. Ndinalitulutsa bukulo. Ndi la Chichewa, latuluka posachedwapa, lonena za mtsikana amene bambo ake okonza njinga athyoka dzanja, iye n'kuyamba kumata matayala pamsika, anyamata a kabaza akumuseka. Chimene ndinalikondera n'chakuti ana a m'bukumo amalankhula ngati ana athu omwewa, amakangana, amanama, amachita manyazi, ndipo wolembayo salalikira patsamba lililonse. Lachiwiri linali la Chingerezi chosavuta, la tinkhani tifupitifupi ta ana a m'makomboni, lothandiza mwana wolowa sekondale amene Chingerezi chimamuopsabe.

“Nanga msinkhu wa uyu?” anafunsa mayi uja, mtima utafewa pang'ono.

Ndinamuuza kuti masiku ano kwabwera timabuku ta zithunzi ta Chichewa, ta zilembo zikuluzikulu ndi mapepala olimba oti mwana angagwire ndi manja a phala osang'ambika. Asankhe koseketsa, kamene mwana angati tibwereze. Ndinamutchulira kena kamene ana a kusukulu kwathu amalimbirana, ka mbuzi imene inakwera minibasi.

“Inalipira mbuziyo?” anafunsa kondakitala, ndipo galimoto yonse inafa ndi phwete.

Tinadutsa Kanengo fungo la fodya lili guu, amuna ofuna ganyu atakhala m'mithunzi ya mipanda. Mayi uja anatsikira pa Area 18, kamwana kake kakucheukirabe chikwama changa.

Cha m'ma 9 koloko tinafika m'tauni. Ndinawoloka mlatho wa Lilongwe wapansi, chikwama nditachikumbatira pachifuwa, chifukwa pamenepo ukayenda mwaulemu umafika kutsidya wopanda foni. M'mbali mwa msewu anyamata anali atayala mabuku pansi, koma onse a mayeso: mapepala a zaka zam'mbuyo, timabuku ta mayankho, masamu okhaokha. Ndinalowa m'sitolo ina ya mabuku chakumtunda. Shelefu ya ana anaiika kumapeto kwenikweni, pansi, moti ndinachita kugwada ngati ndikupereka madzi kwa apongozi.

Mtsikana wogulitsa anandipeza ndili chogwada. Nditamuuza za Pemphero, sanachedwe, anasolola buku lopyapyala la chikuto chobiriwira.

“Tengani ili, anti. Labwera mwezi wathawu. Ndi la mtsikana wa m'tauni amene amutumiza kukakhala kumudzi kwa agogo ake. Ineyo ndinaliwerenga mobisa pakauntala pano mpaka kumaliza.”

Mtengo unali K12,000. Ndinapuma kaye, kenako ndinapereka. Panja ndinagula buledi ndi shuga, poti mlendo salowa m'nyumba ya eni chimanjamanja, ndipo ine ndinadzipepesa ndi tchipisi cha pachiwaya chothira kabichi ndi tsabola wambiri.

Minibasi ya ku Chinsapo inali K1,500, koma munali anthu atatu okha, ndipo awiri mwa iwo anali oitanira ongokhalamo kuti tizionamo ngati mwadzaza. Ndinatsegula buku lobiriwira lija kuti nthawi ipite. Abale inu! Sindinamve kuti tadzaza liti, tanyamuka liti. Pamene tinkakwawa pamzere wa magalimoto mumsewu wa ku Likuni ndinali kumapeto, misozi ili chuchuchu. Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga anavula chipewa.

“Pepani mayi, kwagwa zovuta?”

“Ayi bambo, ndi buku.”

Anandiyang'ana, anayang'ana bukulo, anavalanso chipewa chake n'kusunthira chakuwindo.

Tinafika ku Chinsapo dzuwa lili paliwombo, mphepo ikuulutsa fumbi ndi majumbo. A njinga zamoto anandizinga, aliyense akuti K1,000 mpaka pakhomo, koma ndinamva mawu kumbuyo kwawo.

“Anti! Anti!”

Anali Pemphero, atatalika kundiposa, miyendo ili mbuu chifukwa choima pasiteji kuyambira m'mawa. Anandilandira chikwama, ndipo atangochinyamula anaima. Anachisisita ndi dzanja.

“Anti, muli mabuku umu.”

“Iwe, tiye. Tiyambe tapereka moni kwa akuluakulu.”

Mawu amenewo ndi amene ndimadziluma nawo chala mpaka lero. Tinali awiriwiri pamsewu, chikwama chili m'manja mwake. Koma ife tinaleredwa kuti mphatso ya mwana imadzera m'manja mwa makolo, kuti aone, athokoze, mwana asazolowere kulandira zinthu kumbali. Ineyo, ndi uphunzitsi wanga wonse, ndinatsata mwambo.

Alamu anga, bambo ake a Pemphero, ndi kalipentala, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu. Anatilandira pabalaza utuchi uli m'tsitsi. Titafunsana za moyo ndi za ana, ndinapereka buledi ndi shuga kwa achemwali, kenako mabuku atatu aja ndinawapereka kwa alamu ndi manja awiri. Anakasamba kaye m'manja asanawakhudze.

“Alamu, mwatilemekeza,” anatero. “Pemphero, gwada uthokoze.”

Mwana anagwada, anathokoza, ndipo anamulola kuti awagwire. Anatsegula lobiriwira lija ali chogwada pomwepo. Ndinaona milomo yake ikuyenda, tsamba loyamba, lachiwiri. Ali pa lachitatu, alamu anatambasula dzanja.

“Basi, ungalidetse.”

Anapisa m'thumba la buluku, anatulutsa kiyi n'kupita pa kabati ya magalasi imene anaikhoma okha, mmene mumakhala mbale za ukwati ndi matambula a alendo.

“Alamu, amenewo ndi a paulendo. Alowe m'chikwama chake.”

“Ku Ntcheu? Nyumba ya amayi yodontha ija? Chiswe chimene chija? Ndiye anzake akamubwereka, sabweza ana a masiku ano. Ayi alamu, chinthu cha ndalama zambiri chonchi chikhale pabwino. Adzawerenga pa holide. Panopa alimbikire za m'kalasi.”

“Buku likang'ambika ndiye kuti lawerengedwa, alamu.”

“Mwaonatu! Mwanena nokha kuti ling'ambika.”

Atatsegula kabatiyo anandikodola, nkhope ili ngwee ndi kunyada.

“Taonani kuno. Aja munabweretsa ali Sitandade 2 aja, si awa? Sitinawononge ngakhale limodzi. Atsopano ngati mwagula dzulo.”

Analidi omwewo. Timabuku tiwiri ta zithunzi, tili m'pulasitiki yake ya kusitolo, titatsamira mbale ya maluwa. Ndakhala ndikubwera m'nyumba imeneyi, ndamwera tiyi pafupi ndi kabati imeneyi, koma maso anga sanapiteko kuseri kwa mbalezo. Mwana amene ndinamugulira timabukuto panalibenso, panali mtsikana wamtali wovala siketi ya amayi ake, akuyang'ana pansi.

Ndinafuna kunena kuti kabati si sukulu, mbale siziwerenga. Koma kwa eni kulibe mkuwe, ndipo munthuyo sankachita mwankhanza. Anatiuza yekha kuti ali mwana kalasi yonse inkagwiritsa ntchito buku limodzi, aphunzitsi n'kumalitsekera m'bokosi, ndipo wolidetsa ankakwapulidwa. Kwa iye kusunga ndiko kulemekeza. Anaikamo mabuku atatu aja, anatseka, kiyi inabwerera m'thumba.

Ndinatsatira achemwali kukhitchini komwe ankapakula mpunga ndi nyemba.

“Achemwali, simungawalankhule?”

“Ndiyesa,” anatero osandiyang'ana. “Koma ukuwadziwa. Kiyi imeneyo ngakhale ine ndimachita kupempha Khirisimasi ikafika. Ukanangomupatsa mwanayo kunjira, bwenzi atalowetsa pansi pa zovala, nkhani yatha.”

Mpunga umenewo sindinaumve kukoma. Titadya ndinayesanso kamodzi, mwanthabwala monga timachitira paulamu, kuti atulutse limodzi lokha, ine ndidzagula lina loti likhale m'kabati. Anaseka, anati ndisawononge ndalama, atatuwa akwanira.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Pemphero anatumidwa kuti andiperekeze, ndipo ananyamula chikwama changa chimene tsopano chinali chopepuka. Tinayenda mpaka pa kiyosiki ya madzi pamene amayi anali atandanda ndi zigubu. Kenako Pemphero anayankhula chapansipansi.

“Anti, lija lobiriwira munaliwerenga?”

“Ndaliwerenga lero lomwe.”

“Ndasiyira pamene akutsika basi, agogo ake asanabwere kudzamuchingamira. Kenako zinatani?”

Ndinayamba kumufotokozera tikuyenda. Ndinamuuza mmene mtsikana wa m'bukumo anadikirira pasiteji mpaka anthu onse atabalalika. Mmene ana a kumudzi ankamuseka chifukwa cholephera kusenza ndowa, n'kumupatsa dzina loti Wam'tauni. Mmene ankabisira nsapato zake m'chikwama popita kusukulu kuti afanane ndi anzake. Pemphero anachepetsa liwiro, nanenso ndinachepetsa. Tinkayenda ngati operekeza mkwatibwi, a njinga akutiimbira mabelu kuti tipatuke.

“Sanapeze mnzake ngakhale mmodzi?”

“Anampeza, mtsikana wina wolusa, woweta mbuzi, amene anayamba ndi kumumenya.”

Anaseka koyamba tsiku limenelo. Ndinapitiriza mpaka pamene mtsikana uja anakangana ndi agogo ake, n'kulawira mbandakucha, atatsimikiza kuti atsata msewu wa tala wapansi mpaka akafike kwa amayi ake m'tauni.

Pamenepo n'kuti titafika pasiteji. Woitanira wina anatsomphola chikwama m'manja mwa Pemphero n'kuchiponya pampando.

“Tauni! Tauni! Mmodzi yekha watsala! Kwerani mayi, tikupita!”

Ndinathamangira chikwama changa, ndipo ndisanaganize n'komwe chitseko chinali chitatsekedwa, wailesi ikulira mogonthetsa m'kutu. Pemphero anagwira windo akuyenda nayo galimoto.

“Anti, ndiye anafika? Kapena anabwerera?”

Ndinakuwa yankho, koma dalaivala anali ataponda kale moto. Ndinaona pankhope pake kuti sanamve. Anaima m'fumbimo dzanja lili kukhutu, mpaka tinakhota.

Ndikanatha kumenya denga kuti nditsike. Minibasi za ku Chinsapo sizitha, ina ikanabwera. Ndinangokhala, chikwama pamiyendo, manyazi oti anthu andiona ngati wamisala atandigwira. M'tauni ndinakwera ya ku Area 25, mtengo utakwera kufika K2,500 poti anthu anali akuweruka, ndipo sindinadandaule n'komwe.

Inu amene mukufuna kugulira ana mabuku, alipo abwino masiku ano, ambiri kuposa kale, a Chichewa ndi a Chingerezi, a ana athu enieni. Gwadani pashelefu yapansiyo, mufunse atsikana ogulitsa, amawadziwa. Koma mukagula, perekani m'manja mwa mwanayo, pamsewu pomwepo, alitsegule, alipinde, alidetse. Moni wa akuluakulu mudzapereka pambuyo. Ine ndinaphunzira mochedwa, ndipo zimandiwawa.

Lolemba m'mawa achemwali anandiimbira kuti mwana wakwera bwino basi ya ku Ntcheu. Ndinafunsa zimene wanyamula. Anati yunifolomu, makope, sopo, bulangete ndi shuga wa agogo ake. Ndinadikira kuti mwina atchula china, koma anangoti mayunitsi akutha.